A Eneya Otsekera Kumbuyo

Mukafunsa kwa Dambe kuti ndani amaidziwa bwino njira ya ulendo wa kuphiri, aliyense akulozerani a Eneya, chonsecho munthuyo kutsogolo sanayendeko ndi tsiku limodzi lomwe. Chaka chilichonse mu Ogasiti, fodya atagulitsidwa, mtedza utalowa m'nyumba, akhristu a Katolika amanyamuka wapansi masiku atatu, kudzera ku Ludzi mpaka kuphiri lina la kumalire a Zambia, kumene kuli chifanizo cha Amayi Maria. Kutsogolo kumayenda mtanda, pakati kwaya, ndipo kumbuyo kwenikweni, m'fumbi la anthu onse, a Eneya ndi njinga yawo.

Njingayo sakwera, amangoikankha. Ndi ya amene miyendo yawakana. Kale a Eneya anali a kabaza pachipata cha malire, kunyamula amalonda ndi zikwama zawo, kenako anakasenza mabelo a fodya pa esiteti. Imvi zamera, koma msana, ayi ndithu, udakali wa mnyamata. Pakaliyala amamanga chigubu cha madzi, mchere, singano yoboolera matuza ndi zitenje zakale. "Ine ndikadutsa, ndiye kuti m'njira simunatsale munthu," amatero akudziguguda pachifuwa. Ndipo si bodza: zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanasiyepo ngakhale mmodzi. Choipa chake, Misa ya paphiri sanaionepo poyambira. Amafika anthu akupinda kale mphasa.

Chaka cha makumi awiri, mayi Luwiza, wapampando wa ulendowu, anaimirira pamsonkhano nati, "A Eneya adya fumbi lathu mokwanira. Chaka chino mtanda ukwere phiri paphewa pawo. Koma bambo, mukafike patsinde isanakwane teni koloko. Bambo mfumu sadikira."

Azimayi anaimba nthungululu. A Eneya anangoti zikomo, koma mtima unali kuvina chitelele. Teni koloko? Nkhani yaing'ono! Wotsalira aliyense adzangomukweza pakaliyala n'kupalasa.

Ndiye kunabwera Greyson, dalaivala wa thiraki zopita ku Zambia, chimunthu cha mimba yake ndi mawu ake. Chaka chathachi thiraki yake inagubuduka katatu, iye n'kutuluka wopanda ndi bala lomwe. Pomwepo analonjeza Mulungu kuti adzafika kuphiri osakwera chilichonse cha matayala. Tsiku lonyamuka anatulukira atavala nsapato zatsopano za ku Chipata, zonyezimira, zolirabe poyenda. A Eneya ataziona anagwira pakamwa.

"Achimwene, nsapato zatsopano paulendo? Kavaleni zakale."

"Madala, ine ndafika Lusaka, ndafika Beira. Kaphiri aka n'chiyani?"

"Munafika mutakhala pampando," anatero a Eneya. Koma munthu ngati wamva m'mimba kuti ndi dolo, mungamuuze chiyani? Safunsa anadya phula.

Tsiku loyamba njira inadutsa m'minda ya mapesi ndi m'madambo, momwe madimba a mpiru ndi tomato anali biriwiri pakati pa udzu wouma. Mphepo inkawaza anthu phulusa la lupsa, ndipo mapiri a Mchinji ankaoneka kutali, otuwa ndi utsi. Greyson anayambira kutsogolo, akuimba kuposa kwaya. Pofika masana anali pakati pa gulu. Dzuwa litapendeka, a Eneya anamupeza atakhala pachulu, akunamizira kuyankha foni.

Anagona m'makalasi a sukulu ina ya pulayimale, abambo kwawo, amayi kwawo. Amayi a mphakati wa tchalitchi cha kumeneko ntchito amaidziwa: mphasa zoyala kale, mbatata yophika, thobwa, ndi mabeseni a madzi ofunda othira mchere. Greyson atangoviika mapazi anakuwa, "Mayo ine!" mpaka kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Zidendene zonse ziwiri zinali matuza okhaokha.

Tsiku lachiwiri anayenda awiriwiri, Greyson atakulungidwa mapazi ndi chitenje, atavala mapatapata a a Eneya. Nsapato za ku Chipata ndi zimene zinakwera njinga. Anawoloka mtsinje paulalo wa mitengo, anatafuna nzimbe, anadutsa ngolo zotuta njerwa ndi mizere ya bulugamu ya m'maesiteti. Apa matama anali atatha, ndipo Greyson anayamba kuyankhula ngati munthu.

"Madala, m'tchalitchi ndatha zaka khumi osapondamo. Thiraki ikugubuduka ndinangoona nkhope za ana anga. Ndikapanda kukwaniritsa lonjezoli, sitiyaringi sindidzaigwiranso. Ndikuopa."

"Opani, koma muziponda," anayankha a Eneya. "Kuyenda awiri si mantha."

Malo ogona a tsikulo anali chigafa cha fodya pa esiteti ina. Mwezi uno zigafa zimakhala zopanda kanthu, koma fungo limatsalira, moti anthu ankangoti kulowa, etsi! etsi! ngati mbuzi. Matenanti ochokera ku Mulanje, amene nawonso ndi alendo kuno, anabweretsa chinangwa ndi nandolo, n'kumapepesa kuti n'zochepa. Zinali zambiri.

Tsiku lachitatu a Eneya anachenjera. Anamudzutsa Greyson m'bandakucha kuti ayambe ena asananyamuke. Sizinathandize. Mtanda unawapitirira, kwaya inawapitirira, ngakhale azimayi obereka ana anawapitirira. Mayi Luwiza podutsa anangoloza wotchi yapamkono. Mapazi a Greyson anali atatupa ngati maungu, chitenje chitanyowa magazi, ndipo ankaponda ngati akuyenda pamakala.

Hafu pasiti naini, phiri linali poonekera, miyala yake ndi misuku yake. Panjinga panali pafupi. Wapansi, ndi mapazi amenewo, panali pa maola awiri.

"Kwerani, achimwene. Mulungu si wapolisi wapamsewu, waona kuti mwayesetsa."

"Ayi. Ndinalonjeza."

"Kwerani, inu!"

"Sindikwera. Pitani, madala, mtanda ukukudikirani. Ndisiyeni pano, ndibwera ndekha."

Kunena zoona, a Eneya analakalaka atamuwaza khofi. Zaka makumi awiri akumeza fumbi, lero lokha lawo, n'kuwonongedwa ndi nsapato za ku Chipata! Mtima unawawawa kwambiri. Anayang'ana phiri, anayang'ana chimunthu chili pamsewu wopanda mthunzi, chopanda madzi, chosadziwa ndi pokhotera pomwe.

"Mtanda uli ndi anthu mazana atatu ounyamula," anatero. "Inu muli ndi ine ndekha. Tiyeni, phazi lamanja."

Belu linalira iwo adakali m'dambo lomaliza. Nyimbo inamveka ikukwera phiri, ndipo a Eneya anadziwa kuti mtanda wapita ndi wina. Misozi inatsika, ndipo sanaibise. Greyson anafuna kupepesa, iwo n'kumudula: "Sungani mpweya wokwerera."

Anafika patsinde dzuwa lili pamutu. Greyson anayang'ana kanjira kotsetsereka ka miyala, anaponda kawiri, n'kugwa chagada.

"Basi, ndalephera. Apa pokha sindingathe."

A Eneya anatsamiritsa njinga pamtengo, namasula zitenje ziwiri zotsala.

"Kodi paja munalonjeza kuti chiyani?"

"Kuti sindikwera cha matayala."

"Nanga ine mwandiona matayala pati?"

Greyson anakana, anachita manyazi, anati ndine wolemera. A Eneya anaseka. "Belo la fodya silinandifunsepo zimenezo." Anagwada, namukokera kumsana, namumanga ndi zitenje monga amachitira mayi ndi mwana. Eee, kunali kukwera! Mawondo ankalira, thukuta linkalowa m'maso, anapuma kanayi atagwira miyala, koma sanamutsitse.

Pamwamba Misa inali itatha. Anthu ataona dalaivala wa Lusaka ndi Beira ataberekedwa, miyendo ili lendelende, anayamba kuseka. Kenako anaona magazi kumapazi, anaona nkhope ya a Eneya, chiseko chija chinazima, ndipo anthu anapatuka kuwapatsa njira. A Eneya anamutsitsa patsogolo pa chifanizo. Greyson anagwira mwala wa pamenepo ndi manja awiri n'kulira mokweza ngati kamwana.

Mayi Luwiza anafika akupotokola manja. "Pepani, a Eneya. Tinadikira mpaka bambo mfumu anakwiya. Mtanda wakwera ndi wina."

A Eneya anali wefuwefu, manja ali m'mawondo. Anadzutsa mutu, naloza Greyson ndi chibwano.

"Wanu uja ndi wa thabwa, mayi, aliyense akhoza. Tamunyamulani uyu muone."