Mpaka Madzi Abwere

Munthu akandiuza kuti kumudzi nyumba ya lendi sivuta kupeza, ndimangomuyang'ana, chifukwa nditati nditsegule pakamwa ndikhoza kumutukwana. Ine ndinaifunapo nyumba ndi miyendo yangayi, mwezi wa Okutobala, kuchigwa cha Shire, dzuwa likuwotcha mpaka nsapato za pulasitiki kufewa kuphazi.

Ndinali nditangotumizidwa kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Makhanga. Kwathu ndi kumapiri a ku Dedza, ndipo Chisena sindinkachidziwa ngakhale moni. Nyumba za aphunzitsi pasukulupo zinali zitatu, zonse zodzaza, choncho ahedi anandipatsa kachipinda kosungiramo mabuku. Ndinkagona pakati pa makatoni, mileme ikundinyerera. Ndikanakhala ndekha ndikanapirira, koma kumudzi ndinali nditasiya mayi anga atafa ziwalo mbali yakumanja. Sitiroko inawalanda miyendo, mawu n'kuwasiyira owerengeka. Ankawasunga alamu anga, akazi a achimwene, poti achimwenewo ankangokhalira kumaganyu. Kusunga kwake kotani! Mbale ya chakudya ankaiika kumbali ya dzanja lakufalo, iwo ulendo kumunda. Nditapita kukatsanzika ndinapeza mayi ali ndi zilonda m'chiuno chifukwa chogonera mbali imodzi. Ndinawalonjeza kuti ndikangopeza nyumba ndibwera kudzawatenga.

Midzi ya kumeneko inandanda m'mbali mwa thamanda lalikulu limene Shire amathiramo madzi, eni ake amangoti kunyanja. Ndikaweruka ndinkayenda mudzi ndi mudzi, kuodira pakhomo lililonse lamalata. Nyumba yoyamba inalibe chimbudzi, ndipo nditafunsa mwini wake anandilozera tchire ndi mlomo. Ina inali kuseri kwa mayi wotcheza kachasu, khoma lake lonse fungo la mikodzo ya zidakwa. Ina inali yabwino ndithu, koma bambo wake anayamba wandiyang'ana kuchokera kumapazi, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga amuna anu abwera liti?" Nditati ndilibe mwamuna, basi nyumba ija inapezeka kuti mphwake waigwira kale. Bodza lamasanasana! Zotsalazo zinali kumunsi kwenikweni, kwa asodzi, kumene utsi wowambira milamba sukata ndipo udzudzu umaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo. Kumeneko mayi anga sindikanawaika.

Mayi wina amene ndinkamugula nsomba ndiye anandilozera nyumba ya pakamtunda, kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi sukulu pomwe. Inali ya njerwa zowotcha, yamalata, pansi pa simenti, khonde lotakasuka, pabwalo pali mtengo wa masawu. Pachitseko panali loko wadzimbiri.

"Eni ake ali kudimba, tsidya ilo," anatero mayi wansombayo. "Kwerani bwato mukawaone."

Loweruka ndinakwera bwato. Ndinawapeza eni nyumbawo, bambo wachikulire wa imvi, akusoka ukonde pakhomo pa msasa waudzu, atazunguliridwa ndi mbatata ndi chimanga chobiriwira ngati ndi nthawi ya dzinja. Akazi awo anandiyalira mphasa n'kundipatsa mbatata yootcha. Ndinadzifunsa kuti munthu wokhala ndi nyumba yamalata akugoneranji m'chisakasa chotere. Ndinadziyankha ndekha, monga ndimachitira zinthu zambiri, kuti ndi umbombo basi, akufuna ya lendi.

"Nyumba ija ilibe munthu, aphunzitsi," anatero bambowo m'Chichewa chokokera ku Chisena. "Chipinda chimodzi chokha n'chotseka, muli katundu wathu. Khalanimo mpaka madzi abwere. Akabwera tidzaona zochita."

"Kodi madzi abwera kuno?" ndinafunsa nditatong'ola maso.

"Ande, abwera. Salephera. Januwale, akachedwa Febuluwale."

Inu a kuchigwa mwayamba kale kuseka, ndikudziwa. Sekani. Kwathu munthu akati madzi abwera amanena mipopi. Ndinakulira kumva zoti madzi abwera chaka chino, magetsi abwera chaka chamawa, ndipo aliyense amadziwa kuti mpopi ukafika pakhomo alandilodi amakweza lendi. Ndiponso pamsika wa kumeneko ndinali nditaona mulu wa mapaipi akuda ataunjikidwa m'mbali mwa msewu. Ndiye ine ndinamva kuti mtengo ukhala womwewo mpaka mipopi ifike, ikafika tidzakambirananso. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza kawiri, kamba ka nyumba ndi kamba ka mpopi.

Lolemba ahedi atamva anandiitana. "Madamu, mwati mwapeza pakamtunda paja? Mwamvana nawo bwinobwino eni ake?"

"Tamvana," ndinayankha mwachidule. Ndinali nditawakwiyira chifukwa cha mileme ija, ndipo ndinaganiza kuti ndi nsanje. Iwo anangoti chabwino n'kubwerera ku mapepala awo. Funso limodzi lokha likanandipulumutsa, koma ine ndine mphunzitsi, ntchito yanga ndi kufunsa ena.

Kumapeto kwa mwezi womwewo ndinapita ku Dedza kukatenga mayi. Ndikanangowanyamula mwakachetechete bwenzi zili bwino, koma pakamwa pangapa! Alamu atati, "Mwaganiza bwino, ife tatopa nawo," ndinawatsanulira zonse zimene ndinasunga chaka chathunthu. Ndinawauza kuti ngakhale mbuzi amaisamala kuposa mmene anasamalira mayi anga, ndi kuti mayi sadzapondanso pakhomo pawo ine ndili moyo. Ndinanena mokweza, anthu oyandikana nawo akumva. Achimwene anangoweramitsa mutu. Alamu anapinda manja n'kunena kuti, "Mawu amenewo muwasunge."

Ulendo unali wa masiku awiri. Pa Bangula ndinawabereka mayi kumsana ngati khanda kuchoka pa minibasi mpaka padoko, thukuta lathu likusakanikirana. Koma titafika, nditawakhazika pakhonde paja, anayang'ana thamanda lonse lili mbee, akakowa akuuluka, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira.

Miyezi iwiri ndi theka imene ija ndimaikumbukira ndi mkwiyo, chifukwa inali yabwino. Belu la buleki likalira ndinkathamangira kunyumba kukawatembenuza n'kuwamwetsa madzi. Zilonda zija zinauma. Mayi wansomba uja ankabwera kudzacheza nawo masana, iye Chisena, iwo mutu wokha, koma ankamvana. Ndinaitana mmisiri kudzakhoma mtengo wogwirira m'mbali mwa khonde, ndipo pofika Khirisimasi mayi ankaimirira okha atagwira pamenepo, mwendo ukunjenjemera. Mawu anayamba kubwerera limodzilimodzi: iwe, kutentha, nsomba. Chovuta chinali madzi, chifukwa mjigo unali kumunsi ndipo munthu wodwala chonchi nsalu zake ndi zochapa tsiku ndi tsiku. Ndikatula ndowa khosi likuwawa ndinkawauza kuti, "Pirirani amayi, Januwale madzi abwera." Ndinasankhiratu ndi malo a mpopi, pansi pa mtengo wa masawu. Chitsiru ine!

Pakati pa Januwale mvula inagwa masiku angapo kumapiri a Thyolo ndi Mulanje. Kuchigwako kunkangochita mitambo. Anthu ankanena za mtsinje wa Ruo, kuti wadzaza ndipo akukankha Shire, koma ine ndinkamva ngati nkhani za eni ake. Loweruka lina m'mawa ndikuwawenga mayi zikhadabo pakhonde, ndinakweza maso n'kuona kuti njira yotsikira kumjigo kulibe. Pamene panali njira panali madzi ofiirira, ndipo pamadzipo pakubwera mabwato atatu odzaza mpaka m'milomo. Munali matumba, nkhuku zomanga miyendo, mbuzi, ana, miphika. M'bwato lakutsogolo munaimirira bambo a imvi aja.

Anatsika, nakwera kamtundako, navula chipewa. "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Mayi adzuka bwanji? Madzi aja abwera."

Chowengera zikhadabo chinagwa pansi. Ndinamva zonse nthawi imodzi, koma pakamwa panakana kuvomera. "Abwera bwanji? Inu munati madzi! Bwanji simunanene kuti kusefukira?"

"Nanga madzi ena ndi ati?" anafunsa modabwa zenizeni. "Nyumbayi ndinaimangira madzi. Chaka chilichonse akabwera timakwera kuno, akaphwa timatsikira kudimba. Aliyense wa dimba amatero. Ndinakuuzani, aphunzitsi, inu n'kuwomba m'manja."

"Ine ndimayesa mipopi!"

Kenako mpongozi wawo wina anatula mtolo n'kukhala pansi ndi phwete, ena onse n'kutsatira. Akazi a bambowo anayesa kubisa pakamwa ndi chitenje, koma mapewa ankawagwedezeka. "Mapaipi a pamsika aja?" anatero. "Mayi inu, aja tinayamba kuwaona mdzukulu wanga uyu asanabadwe, pano ali sitandade thuu."

Ndinakalipa. Ndinawatchula akuba, achinyengo, anthu opanda chisoni. Bambowo anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anati, "Sitikukuthamangitsani. Mayiwa ndi mayi athu. Tipanikizana momwemo." Anatsegula chipinda chokhoma chija, ndipo munali mphasa, mabulangete ndi mbale, zonse zodikirira tsiku limeneli. Akanakhala munthu woipa bwenzi zitandipepukira, ndikanakhala ndi womuda. Koma anangonyamula matumba ake kulowa m'nyumba yake.

Tinakhalamo anthu khumi ndi asanu, zipinda ziwiri ndi balaza. M'chipinda chathu munalowa akazi a bambowo ndi apongozi awo awiri ndi makanda. Ndinathamangira kwa ahedi kuti andibwezere kachipinda ka mabuku, ndinapeza muli kale mabanja awiri, makalasi onse asanduka msasa wa anthu othawa madzi. Ahedi sananene kuti ndinakufunsani, anangondiyang'ana, ndipo zinandiwawa kuposa. Ndinazungulira nyumba zonse za kumtunda, ngakhale ya kachasu ija, ngakhale ya bambo wofunsa za amuna uja. Iliyonse inali italandira eni ake ochokera kumadimba. Za kumunsi zinkangooneka madenga.

Mvula inafika kuchigwanso n'kukhazikika. Nsalu za mayi zinasiya kuuma. Pachimbudzi panali mzere kuyambira m'mawa, mjigo unamira, ana awiri anayamba kutsegula m'mimba. Mayi anabwerera pamphasa pakona, anthu akuwadumpha polowa ndi potuluka, ndipo pasanathe sabata chilonda chimodzi chinatsegukanso. Tsiku lina masana ndili pamzere wolandira mankhwala othira m'madzi, mayi anadziipitsira. Analibe woti amuitane. Ana amene ankasewera m'chipindamo anatuluka atatsina mphuno, akuseka ndi kukuwa, mmene amachitira ana. Pamene ndinkafika, akazi a eni nyumba anali atawapukuta kale ndi manja awo, koma mayi anali atatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo anakana kudya, mawa lakenso anakana.

Wazaumoyo amene ankayendera m'makomo atawaona anandikokera pambali. "Achotseni kuno, madamu. Matenda a m'mimbawa akawagwira, sadzukanso."

Ndiwapititse kuti? Ntchito sindikanaisiya, ndi imene inkatidyetsa tonse, ndi achimwene omwe. Ndinakwera pachulu pamene pankagwira netiweki n'kuimbira alamu. Ndinapepesa. Ndinadzitcha chitsiru, wamwano, wosayamika. Iwo anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha, kenako anati, "Paja munati mbuzi yatani? Tabwerezani, kuno sikukumveka bwino." Ndinabwereza. Anandibwerezetsa kawiri, ndipo kumbali kwawo ndinkamva anthu ena akuseka. Pomaliza anati, "Abweretseni. Koma ine ndili ndi munda."

Bambo eni nyumba ndi amene anapalasa bwato lotiperekeza, ndipo anakana kuti wina aliyense agwire nkhafi. Akazi awo anatimangira mbatata ndi nsomba zouma m'kansalu. Sindinawathokoze, ndipo mpaka pano sindinapeze mtima wowathokoza, ngakhale ndikudziwa kuti sanandilakwire. Mayi ndinawagoneka pamiyendo panga, nditawafunditsa pepala la pulasitiki. Tinadutsa pamwamba pa minda ya anthu, ngayaye za chimanga zikukhula pansi pa bwato.

Tili pakati pa madzi, mayi anandigwira chitenje ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu moti ndinadabwa. Milomo yawo inavutika nthawi yaitali. Kenako anatulutsa mawu ambiri kuposa onse amene ananenapo chidwalireni.

"Usandibweze, mwanawe. Sindidzachitanso."

Ndinawafotokozera. Ndinati si zimenezo amayi, ndi madziwa, ndi nyumbayi, ndine ndinamva molakwa. Ndinanena m'bwato, ndinanena mu minibasi, ndinanenanso ndikuwatsitsa pakhomo pa alamu. Iwo ankangopukusa mutu n'kubwereza mawu omwewo, sindidzachitanso, sindidzachitanso. Pamene ndinkanyamuka, achimwene anachita kuwamasula zala chimodzichimodzi pachitenje changa.

Anamwalira mu Epulo, ine ndili m'kalasi, madzi asanaphwe n'komwe. Anapita akuyesa kuti mwana wawo anawabweza chifukwa anaipitsa mphasa.