Dzuwa la m'diramu

Achimwene anga atatuluka kundende, Kawale yonse inkadziwa kuti achokera ku Joni. Bodzalo analiyambitsa ndi amayi, ndipo ankalisamala kuposa mbale zawo za alendo. Ine linkandinyansa. Munthu wochokera ku Joni wopanda ngakhale kawailesi, ataonda chonchija?

Eniakewo sankatsutsa, koma sankakhazikika. Pampando sankachedwapo, chitseko chikatsekedwa ankadzuka kukachitsegula. Pantchito yawo yowotcherera zitsulo anakana kupanganso zotchingira mawindo, chonsecho ndi zimene anthu ankafuna. M'malo mwake anakokera diramu yakale kuseri kwa nyumba. Anaiboola kawindo chakumwamba n'kupingasapo timawaya, m'mbali n'kuboola posuzumira. M'katimo anaikamo tianthu tawaya titakhala pansi mondondozana, aliyense pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wakutsogolo.

Nditasuzumira ndinaona mdima, kenako kachigamba ka dzuwa pamitu ingapo. Anati ndibwerenso masana. Nditabwera, kanali katasunthira pa ena, koma apakona sikanawafike n'komwe. Anandiuza kuti ndi mmene ankagonera kundende kuja, chokhala, ndipo malo awo anali pakonapo. Mtima unandiwawa, tsiku limenelo sindinadye.

Amayi analamula kuti diramuyo ichoke anthu asanaione. Achimwene anaigubuduzadi, koma anakaiimika kumaso, m'mbali mwa njira yopita kumpopi. Amayi anangoti kulowa, kutuluka, kusesa posesa kale. Ana ankasuzumira n'kumaseka. Kenako panaima mayi ena ogulitsa makala, amene ankauza aliyense kuti mwana wawo ali kuminda ya fodya ku Kasungu. Anatula chidebe n'kuwerama. Anakhalitsa pabowopo mpaka amayi anathamangirapo kukafotokoza kuti ndi zoseweretsa za ku Joni.

Mayi a makalawo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa achimwene n'kufunsa motsitsa mawu, "Wanga uja, wamtali, wachipsera pachipumi, amakhala pati?"

Achimwene anapisa kawaya pawindo paja, n'kukhudza mutu wina wachapakati. "Apa, amayi. Dzuwa limamufika chakumadzulo."

Amayi anaika tsache lawo pansi. Kenako analowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando wa alendo. Anauika pafupi ndi diramu kuti anzawowo adikirirepo dzuwa.