Kopila, Namwino Wopanda Chiphaso

Mai Dilmaya anayamba kumuona bwinobwino Kopila tsiku limene anabwera kuchokera ku koleji ya unamwino atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Basi inamutsitsa pafupi ndi nyumba, koma iye anayamba wazungulira kumsika wa Butwal kuti ogulitsa masamba nawonso aone. Kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima kanali lendelende m'khosi. Mai Dilmaya, amene anavalapo zoyera za umasiye chaka chathunthu amuna awo atamwalira, popanda wowaombera m'manja, anangoweramira makina awo osokera.

Iwo ankachita lendi kachipinda ka pansi pa nyumba ya makolo a Kopila, koyang'ana kumsewu. Ankagona momwemo, kuphika momwemo, n'kumasokeramo mabulauzi a anthu. Kwina kopita analibe, chifukwa abale a malemu anawatsekera chitseko kalekale.

Kopila dipuloma anali nayo. Koma namwino sagwira wodwala popanda chiphaso, ndipo chiphasocho chimapezeka munthu akakhoza mayeso a ku Kathmandu. Mayeso amenewo iye ankawatchula ngati ulendo wokagula anyezi.

"Zija n'zongochonga, azakhali," anatero atabwera kudzachepetsa yunifolomu. "Panani m'chiunomu. Ndikuoneka ngati thumba la mpunga."

M'mawa wa ulendo, mayi ake, Mai Hira, anaika pageti mitsuko iwiri yamkuwa yodzaza madzi. Anamupaka mwana wawo mpunga wofiira pamphumi n'kumumwetsa chambiko kuti njira iyere. Nthawi yomweyo Mai Dilmaya anatuluka kupita kumpopi, chidebe chopanda kanthu chili m'manja. Mai Hira anagwira pakamwa. Mkazi wamasiye, ndi chidebe chouma, pamaso pa munthu wa paulendo: kwa iwo amenewo anali malodza.

Kopila analephera. Analira mpaka maso kutupa, kenako anadya mpunga wake ndi mphodza n'kupeza mwini wa tsokalo.

"Ine zimenezo sindizikhulupirira, ndinaphunzira sayansi," anauza anzake pakhonde la pamwamba, mokweza kuti pansi pamveke. "Koma zonse zimene ndinawerenga sizinabwere. Inuyo mukuti n'chiyani?"

Madzulo ake Mai Hira anatsika, naima pakhomo osalowa.

"Achemwali, sikuti tikukuthamangitsani ayi. Koma zikadzachitikanso, mudzatimvetsa."

Kuyambira pamenepo, m'nyumba monsemo munthu amene ankadera nkhawa mabuku a Kopila anali Mai Dilmaya okha. Chipinda cha mtsikanayo chinali pamwamba penipeni pa chawo. Akaimitsa makina n'kutchera khutu, ankamva mapazi akugunda pansi ndi kanyimbo komweko kobwerezabwereza. Namwino wathu anali kudzijambula pa foni, akuvina atavala yunifolomu.

Masana ankayenda m'zipatala kufuna ntchito, atadzola bwino milomo. Kulikonse funso linali limodzi: chiphaso chili kuti? Pamabenchi ankapezapo atsikana amene chiphaso anali nacho, nawonso akudikira, nsapato zitatha zidendene. Kopila ankawayang'ana mowamvera chisoni, ati alibe maonekedwe.

Pomaliza chipatala china cha munthu wamba chinamulola kugwira ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro, ati kuti manja azolowere. Ankayala mabedi ndi kutaya mikodzo ya odwala. Kunyumba ankanena kuti amuika kwa odwala mwakayakaya, ndipo Mai Hira anafalitsa nkhaniyo mpaka kukachisi. Sipanapite nthawi, anasiya. Akuti oyang'anira ankamuchitira nsanje.

Tsiku lina Mai Dilmaya analimba mtima pomupatsa bulauzi imene anamusokera.

"Mabuku aja mukuwerengako, mwanangu?"

"Azakhali, inu sokani. Za mankhwala tisiyireni ife."

Mayeso achiwiri atafika, Mai Hira sanafune zongoyerekeza. Analawirira n'kukhoma chitseko cha Mai Dilmaya ndi loko, cha kunja. Mitsuko inaikidwa, chambiko chinamwedwa, basi inanyamuka. Kenako onse anaiwala. Mai Dilmaya anakhala pamphasa opanda tiyi, chimbudzi chili panja, mpaka dzuwa litafika pamutu, pamene mayi wina wodzatenga diresi anamva kugogoda kwa m'kati. Sanadandaule. Mumtima ankati bola tsopano palibe amene adzaloze chala kwa iwo.

Kopila analepheranso. Ulendo uno sanalire n'komwe. Pamwamba panamveka kukambirana kwa masiku angapo, mawu a amalume ake, bambo wa malonda ambirimbiri, akuposa onse. Mai Dilmaya ankasoka ndi mtima wopepuka. Anali atatsekeredwa, ndipo msewu wonse unkadziwa.

Ndiye m'mawa wina Kopila anatsika yekha, nalowa osaodira. Anatola tepi yoyezera nsalu pamakina n'kuyamba kuyeza khoma.

"Mashelefu akhala apa," anatero. "Apo pali mphasa yanupo tiika katani, pobayira jakisoni. Chitsekochi tichikulitsa."

"Mashelefu a chiyani, mwanangu?"

"A mankhwala. Amalume apeza munthu amene amabwereketsa satifiketi yake yogulitsira mankhwala. Timangoipachika pakhoma, iye n'kumalandira kangachepe pamwezi. Ambiri akutero."

"Nanga chiphaso chanu?"

"Chapakhomacho chikwanira. Munthu mutu ukumuwawa amawerenga dzina?"

Mai Dilmaya anayang'ana mphika wawo, makina awo, ndi chithunzi cha malemu chimene chinali pamene pakhale mashelefupo. Anafuna kunena kuti tsiku lija iwo anali m'kati, loko ali pachitseko. Kopila anakulunga tepi ija bwinobwino n'kuibweza pamakina.

"Musandiyang'ane choncho, azakhali, musamuka muno mwezi ukatha, ndipo kutha kwa mwezi n'kutali. Ndipo mukadzadwala mudzabwere, jakisoni ndidzakubayani ulere."