Mafulati a ku Joni, poloti ya ku Chitipa

Ndinaganiza zopita ku Joni mwezi womwe tinatuluka m'nyumba ya sukulu. Amuna anga anali mphunzitsi pa pulayimale ina kufupi ndi Kaseye, ndipo atamwalira anatipatsa miyezi itatu yoti tilire, kenako nyumba inafunika poti kunkabwera mphunzitsi wina. Palibe anatilakwira, lamulo lake ndi lomwelo. Koma tsiku lomwe ndinamanga mapoto m'chitenje n'kukweza matiresi panjinga yobwereka, mwana wanga Lusekelo akutsatira pambuyo atasenza ndowa, ndinalumbira chamumtima kuti sindidzatulutsidwanso m'nyumba ya munthu. Lusekelo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ndinamusiya kwa akulu anga a Tamala, amene mpaka lero amagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa paboma. Sanandiletse. Anangonena kuti, "Pita, koma uzikumbuka kuti wasiya munthu. Mwana si thumba la chimanga loti usungitse n'kudzalipeza momwe unalisiyira."

Ulendo unanditengera masiku anayi. Minibasi mpaka Karonga, ina mpaka Mzuzu, kenako Lilongwe, ndiye basi yaikulu yodutsa ku Tete ndi Zimbabwe. Chichewa changa chinali cha kusukulu, ndipo anzanga a ku Mangochi ndi ku Dedza omwe ndinawapeza ku Joni ankandiseka ndikamayankhula. Ankati ndimayimba. Koma ndi omwewo anandipatsa ngodya yogona, m'chipinda chomwe tinkachigawa ndi makatani anthu atatu, n'kundisonyeza kokwerera mataxi.

Chaka choyamba ndinkachapa ndi kusita m'makomo. Kenako mayi wina wogulitsa nyumba za anthu ananditenga kuti ndizimukolopera mafulati asanabwere ogula. Tinkangomutcha madamu. Anali wamtima wapachala koma wachilungamo, malipiro sankachedwetsa ngakhale tsiku limodzi. M'mawa ankandipatsa makiyi, ine n'kukwera chikepe ndi ndowa yanga ndi mopu, n'kutsekula chitseko cha nyumba yopanda munthu. Ndinkatsuka mawindo, kupukuta makabati, kuchotsa fungo la eni ake akale. Ndikamaliza madamu ankasiya patebulo pepala la zithunzi, pansi pake atalembapo mtengo.

Mapepala amenewo ndi omwe anandiphunzitsa mitengo. Poyamba ndinkangowayang'ana n'kupukusa mutu, koma pang'onopang'ono ndinayamba kuzindikira kuti fulati ya zipinda ziwiri kumpoto kwa mzinda, komwe kuli mitengo ya mthunzi ndi alonda pageti, imakwera kangapo kuposa yofanana nayo m'katikati mwa tauni momwe anthu amayanika zovala m'mawindo. Madamu atapita ku Cape Town anabwera ndi mapepala a kumeneko. Kachipinda kamodzi koyang'ana kunyanja kankaposa fulati yaikulu ya ku Joni. Ndinafunsa ngati makoma ake ndi ena. Anaseka. "Makoma ndi omwewo, Esnati. Akugula windo."

Mlongo wanga Yohane ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Dar es Salaam, ndipo nditamuuza zimenezi zinasanduka masewera athu. Iye ankajambula zikwangwani za nyumba zosanjikizana zomwe zinkamangidwa kumeneko n'kunditumizira pafoni, ine n'kumutumizira za ku Joni. Za ku Dar zambiri zinkalembedwa m'madola, ndipo ankati mlendo kugula malo n'kovuta kwabasi ngakhale ndalama utakhala nazo. Mnzanga wina wa ku Zambia yemwe tinkapemphera naye anandionetsa za ku Lusaka, nazonso madola okhaokha. Zomwe zinandidabwitsa kwambiri ndi za kwathu konkuno. Nditaona mafulati atsopano a ku Lilongwe akutsatsidwa pafoni, n'kusintha mtengo wake kukhala marandi, ndinapeza kuti akuposa ena a ku Joni omwe ndinkawakolopa ndi manja angawa. Ndinawerengetsa kawiri poganiza kuti ndalakwitsa.

Lero ndikamakumbukira ndimaseka. Mayi wogona kuseri kwa katani, wodya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, koma wodziwa mitengo ya nyumba m'maiko anayi. Nthawi imeneyo sizinali zoseketsa. Mitengo ija inkandisungitsa mtima. Ndikakhala ndekha m'fulati ya eni nthawi ya nkhomaliro, ndinkakhala pansi pa matailosi ozizira n'kumasankha kuti bedi la Lusekelo lidzakhala apa, tebulo lake lowerengera apo. Tsiku lonse limatha osayankhula ndi munthu kupatula mlonda wa pageti. Kusungulumwa kwa ku Joni n'kwachilendo, chifukwa anthu ali mbwee paliponse, koma palibe wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho.

Kumudzi ndinkaimba Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi. Ndalama ndinkatumiza kumapeto a mwezi, ya fizi, ya sopo, ya feteleza wa akulu anga. Lusekelo ankayankha mwachidule. "Tili bwino amama. Sukulu ili bwino. Mvula yagwa." Mawu ake ankasintha chaka ndi chaka, ine n'kumamva pafoni mwana akukula. Pa zaka khumi ndinabwera kudzacheza kawiri kokha, chifukwa ulendo umodzi unkadya zomwe ndasunga miyezi ingapo.

M'chaka chachisanu ndi chinayi ndinaipeza fulati yomwe ndinkaona kuti ndingaifikire. Inali ya chipinda chimodzi, pansanjika yachisanu ndi chiwiri, m'nyumba yakale ya m'katikati mwa tauni, windo lake loyang'ana kunjanji. Inali yotsika mtengo chifukwa chikepe chake chinkafa pafupipafupi. Zomwe ndinasunga zinkakwana pafupifupi theka. Ndinalimba mtima n'kuuza madamu.

Sanandiseke. Anandikhazika pampando n'kundifotokozera bwinobwino kuti kwa mlendo ngati ine banki imavuta, ndipo ngakhale nditagula, mwezi uliwonse ndizidzalipirabe ndalama ya alonda, zinyalala ndi chikepe chakufacho, mpaka kalekale.

"Ndiye kuti ndikagula ndizikhalabe ngati ndikuchita lendi?" ndinafunsa.

"Zam'kati mwa makoma ndi zako. Nthaka, denga ndi masitepe ndi za nonse."

"Nanga ndikafuna kudzala mpiru?"

"M'chitini, pawindo," anatero, ndipo tonse tinaseka. Komabe anandilonjeza kuti ngati ndatsimikiza andithandiza mapepala, ndipo gawo lake la malonda sadzatenga. Mayi ameneyo ndimamuthokoza mpaka lero.

Ndinali nditatsala pang'ono kuvomera pomwe madamu ananditumiza kukakonza fulati ina yabwino kwambiri, ya zipinda zitatu, kumalo a anthu olemera. Mlonda anandiuza pageti kuti mwini wake, bambo wachikulire, anamwalira momwemo ali yekha, ndipo anamupeza patatha masiku asanu oyandikana nawo atadandaula za fungo. Ana ake anali kutsidya kwa nyanja. Analamula pafoni kuti zonse zigulitsidwe, zotsala zitayidwe. Ndinatsekula mawindo onse. Patebulo panali kapu yokhala ndi tiyi wouma, magalasi a maso, ndi mankhwala oikidwa bwinobwino m'kabokosi ka masiku a sabata. Lachiwiri linali lopanda kanthu, Lachitatu lili chidzadzire. Pafiriji anamatapo zithunzi za zidzukulu. Ndinazichotsa chimodzichimodzi osadziwa kuti ndiziike kuti. Khoma lomwe ndinkapukutalo, kuseri kwake kunkamveka wailesi ya anthu oyandikana nawo.

Madamu atabwera ndi pepala la mtengo sindinaliyang'ane n'komwe. Ndinamuuza kuti ndikupita kwathu. Iye anati, "Udzandisowetsa mtendere ndi mawindo anga, koma pita." Anandigulira sutikesi yaikulu yamatayala.

Ndinafika ku Chitipa mwezi wa June, mphepo ili kuwomba fumbi monga mwa nthawi zonse. Padepoti anyamata a kabaza wa njinga zamoto anandizungulira, ena akundiyankhula Chiswahili poganiza kuti ndine wamalonda wochokera kumalire. Akulu anga anandikumbatira akulira. Pambali pawo panaima mtsikana wamtali kundiposa, atapinda manja mwaulemu ngati akulonjera mlendo. "Mwafika amama," anatero Lusekelo. Ndinayembekezera kuti andithamangira. Anangonditengera sutikesi.

Sabata yotsatira ndinayamba kufunsa za mapoloti, ndili ndi kamatama kanga koti ndikudziwa za nyumba. Apa ndiye ndinachita manyazi. Malo omwe ndinawasiya ali tchire kuseri kwa msika anali atadzaza nyumba za malata a mitundumitundu, za amalonda a kumalire ndi ogwira ntchito m'boma. Mitengo yake sinali ya Chitipa yemwe ndinkamudziwa. Mtengo wa ku Joni, wa ku Lusaka, wa ku Dar ndinkaudziwa pamtima, koma wa kwathu ndinali ndisanaufunsepo chifukwa ndinkaganiza kuti kwathu kukundidikira momwe ndinakusiyira. Ndalama zanga zinakwana poloti ya kumapeto, njira yopita ku Kaseye, njerwa, simenti ndi malata a nyumba ya zipinda zitatu. Pulasitala wakunja mpaka pano sindinapake. Koma nthaka ndi yanga, ndipo kuseri ndadzala nthochi, chinangwa ndi mapeyala awiri.

Chomwe chinandigwetsa pansi sichinali mitengo. Tsiku lina, nyumba ili pafupi kutha, tikutunga madzi omangira, Lusekelo anatukula ndowa kuti asenze, bulauzi n'kukwera, ndipo ndinaona chipsera chachitali kumunsi kwa mimba yake, cha kumanja.

"Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana kumbali. "Ndi za kale amama. Ndili folomu 2."

Akulu anga ndi omwe anandiuza zonse madzulo ake tikusenda nyemba. Mwana anadwala m'mimba mwadzidzidzi, anamuthamangitsira kuchipatala cha paboma, madokotala n'kunena kuti kathumbo katupa, akachedwa kaphulika. Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Bala linavuta kupola, anagona m'chipatala milungu itatu. Iwo akulu anga anali atathyoka mwendo mwezi womwewo atagwa pa kabaza, sankatha ngakhale kupita kubafa okha.

"Ndiye anamudikirira ndani? Bwanji simunandiuze?"

"Tikanakuuza ukanatani? Ukanasiya ntchito n'kuyenda masiku anayi ukulira, n'kufika zonse zitachitika. Mwanayo ndiye anatiletsa. Ankati amama akamva abwera, ndiye nyumba yathu siidzagulidwa."

Anandiwerengera mayina. Amayi atatu a mumsika ankasinthana kugona pansi pambali pa bedi lake. Wina ankatseka benchi yake ya tomato tsiku lonse. Mphunzitsi wake ankamubweretsera manotsi. Ndipo panali namwino wina, mayi Kachingwe, wa ku Ntcheu, amene sankatidziwa n'komwe. Iwo akaweruka ankapita kwawo kukaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro n'kubwera nalo, chifukwa mwana ankakana chakudya china chilichonse. Lamlungu ndikaimba, ankamutulutsa panja pa wodi panjinga ya odwala kuti ndisamve phokoso la m'chipatala. Ine kumbali inayo ndinkamuuza za fulati yomwe tidzagule, iye n'kumati, "Zili bwino amama."

Ndinalira ngati pamaliro. Lusekelo anabwera n'kukhala pafupi nane pamkeka, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anatsamiritsa mutu wake paphewa langa.

M'mawa mwake ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Amayi a mumsika anandiseka kuti ndikuthokoza zinthu zomwe iwo anaziiwala kale, mmodzi n'kundilongezera tomato m'jumbo. Kwa mayi Kachingwe ndinapita komaliza, nditanyamula nkhuku ndi nsalu yomwe ndinagula ku Joni. Ndinawapeza akuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba yaing'ono ya lendi. Nditadzitchula anapukuta manja msangamsanga. "Monile amama, yewo, yewo," anatero m'Chitumbuka chawo chophunzira, ine n'kuwayankha m'Chichewa changa choyimba chija cha kuno.

Ndinagwada kuti ndiwathokoze. Iwo anandidzutsa. "Musatero mayi. Inenso ndinasiya ana awiri ku Ntcheu kwa mng'ono wanga. Ndikamamudyetsa wanuyo ndinkangoti mwina kumenekonso alipo wina akudyetsa anga."

Nkhuku analandira, nsalu anakana mpaka nditaumirira. Tikucheza, iwo akupitiriza kuchapa, anandiuza kuti eni nyumba awapatsa mwezi umodzi kuti asamuke, poti mwana wa eni nyumbawo akukwatira ndipo akufuna kulowamo, ndipo paboma nyumba za lendi zikusowa. Ndinawauza kuti kwanga chipinda chachitatu chilibe munthu, kungoti kunja kulibe pulasitala ndipo magetsi sanafike.

"Lendi yake ndi zingati?" anafunsa.

Ndinakhala zaka khumi ndikutha kutchula mtengo wa chipinda chilichonse chomwe ndalowamo. Tsiku limenelo ndinayang'ana manja awo onyowa ndi thovu la sopo, n'kusowa nambala.

"Bwerani kaye mudzaone," ndinatero. "Lusekelo akakuthandizani kunyamula katundu Loweruka."