Kachilombo Kanga M'mtsuko wa aNatembo

Fungo la dongo lonyowa likangondipeza, kaya ndi kudambo kaya ndi tsiku la mvula yoyamba, ine ndimaona aNatembo atakhala chotambalala pakhonde pawo, nsalu ili m'chifuwa, mikono ili mbuu mpaka m'zigongono, akusalaza mtsuko wauwisi ndi chitsononkho uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Tinkayandikana nawo nyumba kwathu cha ku Zingalume, masiku a Chitaganya. Anali amasiye, ankaumba miphika, nkhali ndi mitsuko, ndipo mundimve bwino: kuchokera kwathu mpaka ku Mlolo kunalibe mayi woumba ngati iwo. Mtsuko wawo ukaugogoda ndi chala unkalira ngati belu. Sankalankhula zambiri. Ana tikamasewera pafupi ndi ziwiya zawo ankangoti, "Miyendo kutali," ife n'kubalalika.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sabu B, momwe ndinalekezeranso sukulu, ndipo ndinali ndi chiweto changa. Anzanga ankaweta nkhunda. Ine ndinkaweta kachilombo kaja kokhala ngati kanthambi kouma, kamene ana tinkakatcha kamtengo koyenda. Ndinakapeza pamtengo wa gwafa kuseri kwa tchalitchi, kotalika kuposa chikhatho changa. Ukakaika padzanja kankagwedezeka uku ndi uku ngati kukuwomba mphepo, ukakakhudza kankauma gwa, kunamizira kufa, ndipo masamba a gwafa kankawadya kuyambira m'mphepete mwaulemu ngati mlendo. Ndinkakakonda, sindibisa.

Koma akuluakulu ankati kameneka ndi m'bale wake wa chiswamphika, ndipo aliyense ankadziwa kuti wogwira chiswamphika manja ake amaswa ziwiya. Amayi atakapeza m'chikho changa anataya chikho ndi zonse kuthengo, moti ndinachita kukwawa m'udzu kukafunafuna. Ndiye ndinakapezera malo ena. ANatembo anali ndi kanyumba kakale kamene ankaumitsiramo ziwiya zauwisi. Munali mozizira, mwamdima, nkhuku sizinkalowamo. Ndinakaika mumtsuko umodzi ndi tinthambi ta gwafa, n'kuvundikira ndi phale. Nditamva kuti tsiku lowotcha layandikira, ndinakachotsamo.

Atawotcha, ziwiya zambiri zinaphulika pamoto. Chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo aNatembo.

Tsono kwathu, masiku oumba ndi owotcha, aliyense wogwira ziwiyazo ankayenera kukhala wozizira, ndiye kuti osagona ndi mwamuna. Amene ankasinja dongo ndi kunyamula ziwiya anali aNamwale, mtengwa wa pakhomopo, mtsikana wofatsa wochokera ku Zemba. Amuna awo, aLazalo, mwana wa aNatembo, anali kumigodi ku Kopala chaka chachiwiri. Mwaiona nkhaniyo?

Amene anaiyambitsa ndi aNambewe, mayi wa pakamwa posatseka, tsiku lina pamtondo. "Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwamuna ali ku Kopala, nanga kutenthaku mtengwa wathu akukutenga kuti? Kapena kumabwera m'kalata?" Azimayi anaseka mpaka kusiya misi.

Akubanja anagwirizana kuti aNatembo aumbe zina, ndipo aNamwale anyamule okha, ayatsenso moto okha. Zikaphulikanso, abwerere ku Zemba, kalata ipite kwa aLazalo, ndipo kumpingo awaimitse pa mgonero. Atate anga anali mkulu wa mpingo. Kunyumba ankati za dongozi n'zachikunja, koma n'kuwonjezera kuti mudzi wonse ukalankhula, mpingo sungatseke makutu.

Ine ndinkadziwa amene anaswa ziwiya zija. Ndinkawaona aNamwale akupita kuchitsime okhaokha, azimayi anzawo akuchita kudikira kuti atunge achokepo. Tsiku lina anandiitana n'kundipatsa mtedza wokazinga m'manja, maso ali ofiira. Koma sindinanene. Ndinkaopa mkwapulo wa atate. Choipa kwambiri, ziwiya zatsopano zitalowa m'kanyumba muja, nkhuku zinafuna kundidyera kachilombo kanga, ine n'kukabwezeranso mumtsuko waukulu. Ndinkadziuza kuti aka si chiswamphika weniweni, ndi m'bale wake chabe, ndipo ndikachotsa nthawi ilipo.

Loweruka m'mawa ndinapita ndi masamba atsopano. Kanyumba kali mbee. Pakhomo panali tinthambi tanga ta gwafa, atatikhuthula poyesa tabwera ndi makoswe, koma kachilomboko panalibe. Ndinadziwa kuti kakakamira m'kati, kunsi kwa khosi la mtsuko, mmene kankachitira.

Ndinathamanga kuchulu cha kunja kwa mudzi kumene ankawotcherako. Kumeneko mwamuna sankapondako, ngakhale wamng'ono. Ndinabisala kuseri kwa chulu. Azimayi a mudzi wonse anali ataima mozungulira, osaimba, osacheza, manja m'chiuno ngati pamlandu. Ziwiya zinali zitaunjikidwa, makungwa ouma ndi nkhuni pamwamba, udzu m'mbali, kukamwa kwa mtsuko waukulu kukuonekera pang'ono. ANamwale anagwada ndi chikuni cha moto, osachiyandikiza paudzu.

"Yatsani, mayi," anatero aNambewe. "Mukuopa chiyani ngati muli bwino?"

Sindinama pano: chimene chinanditsegula kukamwa poyamba si aNamwale ayi. N'kachilombo kanga.

"Lekaniii! Musayatse!"

Mawu anga ndi aakulu chibadwire, tsiku limenelo anakafika mpaka kudambo. Ndinalumpha pakati pa azimayi, n'kukankha makungwa, n'kulowetsa mkono wonse mumtsuko. Ndinakatulutsa kali gwa, kakunamizira kufa.

"Mayo ine! Chiswamphika!" Azimayi anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. ANambewe anandigwira khutu n'kulipotokola. "Mwana wa mkulu wa mpingo! Wakaikamo ndani kameneka?"

"Ndine."

"Liti?"

"Kalekale. Ndi muzoyamba zija kankagonamonso."

Ndinkamva chikuni chija chikuthetheka m'manja mwa aNamwale. Koma aNambewe sanafune kuti nkhani yawo iwathere m'manja. "Za mwana izi," anatero. "Mwina amutuma kuti adzaphimbe manyazi a wina. Ayatse basi, tione."

Apo m'pamene aNatembo anadzuka pamene anakhala. Anabwera pang'onopang'ono, n'kuchotsa dzanja la aNambewe pakhutu langa, n'kunditambasulira chikhatho chawo.

"Bwera nako kuno, Simiyoni."

"ANatembo, musagwire!" wina anakuwa. "Manja anuwo ndi oumbira!"

Iwo sanabweze chikhatho. Ndinakaika pachikhatho chawo. Kanakhala kaye duu, kenaka kanadzuka n'kuyamba kukwera mkono wawo wa dongo uja, kakugwedezeka. Iwo anakayang'ana, n'kupita pamulu paja n'kusisita chiwiya chilichonse chimene dzanja lawo linafikira, onse akuona.

"Mwaona nonse," anatero. "Ndakagwira, ndagwiranso ziwiya. Chophulika lero ndi cha ine ndi mnyamata uyu. Zija zoyamba ndi za mnyamata uyu yekha. Alipo wotsutsa?" Anayang'ana aNambewe mpaka aNambewe anayang'ana pansi. "Namwale mwananga, yatsa."

Udzu unagwira, utsi wa makungwa unakwera wowawa m'maso, ndipo palibe anakumbukira kundithamangitsa. Tinaima kumvetsera moto. Patapita nthawi, phuu!

"Umenewo ndi wa Simiyoni," anatero aNatembo, osatembenuka.

Phuu!

"Uwo ndi wanga."

Kachitatu kunaphulika mtsuko waukulu uja, mapale n'kuulukira kumapazi athu. Wina anayamba kuseka, ena n'kutsatira, koma aNamwale anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

Atate anandikwapula madzulo ake mpaka mkwapulo unathyoka, chifukwa cholowa m'nyumba ya eni, chifukwa choponda malo a azimayi, ndiponso, anatero okha, chifukwa chokhala chete pamene munthu ankapsa. Kachilombo kanga aNatembo anakabwezera okha pamtengo wa gwafa. Chaka chimenecho anthu anaopa kutenga ziwiya zawo, poti manja awo agwira chiswamphika, moti mayi wodziwa ntchito ngati ameneyo anadyera maganyu a m'minda mpaka mvula ina. Sanadandaulepo. Kalata sinapite ku Kopala.

Patapita zaka, ine nditakwatira, iwo maso atachita khungu, ndinapita kukawafolerera denga. Ndinawapepesa za ziwiya zija. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe ndi kachilombo kako simunaswe kanthu. Dzenje langa la dongo linagumuka chaka chija, ndinakakumba pena, dongo lake linali la timiyala. Ndinazindikira titangowotcha koyamba."

"Nanga bwanji simunanene, agogo?"

"Ndinanena. Anati ndikubisa za m'nyumba mwanga. Ndani akanamva za timiyala, nkhani ya chigololo itawakomera kale m'kamwa? Anthu aja ankafuna wolakwa woti amuone ndi maso. Unabwera bwino, mwana woipa iwe."

Ndakhala pa milandu yambiri ya m'mudzi kuyambira pamenepo, ndipo amandidziwa: anthu akayamba kugwirizana msanga pa munthu amene alibe abale pafupi, ine ndimadzuka n'kukuwa, andikonde asandikonde. ALazalo anabwerako ku Kopala, ndipo lero mbali yonse ya kumadzulo kwa mudzi wathu ndi ana ndi zidzukulu za aNamwale. Akandipeza panjira amatsika panjinga, "Mwaswera bwanji, agogo?" osadziwa kanthu. Ine ndimawayankha mokweza, mtima uli m'malo, chifukwa mikwapulo ya nyumba zonsezo ndinailandira ndekha.