Masiku Opanda Pilisi

Mphakayo sanali wanga. Anali wa mayi ena achikulire a ku Crumlin amene ndinkawasamalira m'mawa uliwonse. Inali nthawi imene chuma cha Ireland chinagwa. Mwana wawo yekhayo, mmisiri womanga nyumba, ntchito itamuthera anapita ku Australia. Mayiwo atagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, anagonekedwa m'chipatala. Anakana zokakhala kunyumba yosungira okalamba chifukwa kumeneko salola ziweto. Ankaphunziranso kuyenda kuti abwerere kwa mphaka wawo. Ine ndinamutenga kukamusunga ku Ballymun, kumene ndinkakhala ndi achemwali anga.

Mphakayo anali ndi khansa ya m'matumbo. Dokotala wa ziweto anandipatsa mapilisi 24 ndi malamulo omveka. Pilisi limodzi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu basi. Azikhala mufiriji, wogwira avale magolovesi. Masiku apakatiwo ndi oti thupi lipume, chifukwa mankhwalawo amawononganso mafuta a m'mafupa, amene amapanga magazi.

Achemwali anaseka. "Mphaka wa khansa! Kwathu anthu akusowa ndi panado yemwe." Koma ndi iwo amene anayamba kumugoneka pamiyendo. Za masikuwo sindinawauze. Ndinkaona kuti ndi ntchito yanga.

Lachinayi la sabata yachitatu mphaka anakana chakudya. Anasanza kawiri, n'kukabisala kuseri kwa sofa, makutu ali otentha. Ndinatsegula botolo la mapilisi n'kuwerenga. Mapilisi ankayenera kutsala 16. Anali 7.

"Achemwali, mapilisiwa apita kuti?"

"Ndimamupatsa ndine, masiku amene iwe waiwala."

"Sindinaiwalepo."

"Ndimakuona ukutuluka osatsegula firiji. Ndinati mwanayu watopa ndi mashifiti, ndisamuchititse manyazi. Mankhwala sadumphitsa tsiku, iwe ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Mchimwene wathu anamwalira ku Ndirande atamamwa ma ARV modumphitsa, ndipo amene anamudwazika mpaka mapeto anali achemwaliwo. Kuyambira pamenepo, aliyense wodwala m'nyumba mwathu ankamwa mankhwala iwo ataimirira pambali.

Dokotala atayeza magazi a mphakayo anapeza kuti maselo oteteza thupi atsala pang'ono kutheratu. Anati palibe mankhwala obwezera zimenezo. Anamuika diripi, n'kumubaya jakisoni wolimbana ndi tizilombo, kudikira kuti mafupa ayambirenso ntchito. Sanayambirenso. Mphakayo anafa Lamlungu masana.

Ndinaganiza zokawauza mayiwo kuti yamupha ndi khansa. Palibe akanatsutsa. Achemwali anakana. "Wolakwa ndine, wopepesa ndinenso."

Anavala chitenje pamwamba pa jekete, tinakwera mabasi awiri. Titafika mu wodi, anagwada pafupi ndi bedi monga timachitira pamaliro. Namwino wina anathamanga poganiza kuti agwa. Achemwali anafotokoza zonse m'Chingerezi chawo chodukaduka: masiku, chiwerengero cha mapilisi, za mchimwene wathu. Sanabise kanthu.

Mayiwo anamvetsera akuyang'ana pawindo. Achemwali atamaliza, mayiwo anafunsa, "Ankakana kumeza?"

"Ayi, mayi. Ndinkamunyengerera ndi nsomba za m'chitini."

"Ine ankandikanda," anatero mayiwo. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza phewa la achemwali. "Dzukani, pansipo m'pozizira."

Sanatikalipire, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Koma chitsulo chogwirira chimene ankaphunzirira kuyenda chinangokhala pakona. Sabata yotsatira anavomera kupita kunyumba ya okalamba ija.

Mapilisi 7 aja ndinakawabweza kwa dokotala, chifukwa satayidwa m'bini. Achemwali anandiperekeza, koma anatsala panja.