Mizere Yonse Yathera pa Chitseko cha a Frederick

Wezulo inalira pakati pa usiku cha kumsika, kenaka mapoto ndi malata anayankha komboni yonse ya Chipulukusu. Zipporah anali kale maso. Anakhala tsonga pamatilesi atakumbatira khanda lake, nsalu yonyowa ili m'manja. Masiku amenewo mayi aliyense ankagona ndi nsalu yonyowa pafupi, chifukwa kunamveka kuti kuli anthu oyenda usiku, opopera gasi m'mazenera kuti a m'nyumba akomoke. Panalibe amene anawaonapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Kuseri kwa katani atate ake, a Zacharia Miti, ankaliza mkonono ngati kunja kukungogwa mvula.

A Miti anabadwira ku Kitwe, m'nyumba ya mgodi. Atate awo anachoka ku Katete ali mnyamata kudzakumba mkuwa, ndipo ankafuna kuti mwana wawonso azitsika pansi. Koma mwanayo anali wa chifuwa chofooka ndi dzanja losanjenjemera, choncho anamuika m'chipinda cholembera zikwangwani. Unyamata wawo wonse unathera pa zigaza, mivi ndi mawu ochenjeza. Mkulu wina wa ku Luapula, yemwe anamupeza m'chipindamo, ndi amene anawaphunzitsa kujambula njanji zooneka ngati zikulowa m'khoma, mpaka munthu kufuna kukhudza kuti aone ngati palidi una.

Mgodi utachepetsa antchito, a Miti anatenga maburashi awo n'kuyamba kuzungulira mashopu. Mitu ya anthu pamakoma a ometa tsitsi, nkhuku zonenepa pamabutchala, zonsezo linali dzanja lawo. Kenaka kunabwera zinsalu zosindikiza pa kompyuta, ndipo eni mashopu anasiya kuwaitana. Akazi awo atamwalira, anasamukira ku Ndola, kukomboni ya Chipulukusu, ndi sutikesi imodzi ndi bokosi la zitini za penti. Zipporah anawapeza kumeneko ali ndi pakati, mwamuna wake atapita ku Solwezi kukafuna ntchito n'kusiya kuyankha foni.

Zophunzitsa ana sanazifune okha. Anabwera nazo ndi a Matilda, a nyumba yoyandikana nayo, m'mawa wina atamanga chitenje m'chifuwa, nawaitana Bashikulu, ndiko kuti agogo pa Chibemba.

“Bashikulu, mwana wanga Jessica wangokhala. Kusukulu sindingamulole, mwamva kuti akupopera ngakhale m'makalasi. Muphunzitseniko zojambula zanuzo, asamaime ndi anyamata pampopi.”

Makolo ena atamva, anatumizanso awo. Onse anali akuluakulu, a giredi ileveni ndi thwelofu, otopa ndi kukhala. Panali Jessica, panali Jairus wa mawu ambiri, ndi ena atatu. A Miti anadula makatoni a sopo kuti akhale matebulo a pamiyendo, nasongola mapensulo ndi lezala. Zipporah anali asanawaonepo akuimba mluzu chimwalirireni amayi ake.

Tsiku loyamba anawakhazika pamabuloko m'mbali mwa msewu.

“Diso ndi labodza,” anatero, “ndipo ife ntchito yathu ndi kujambula bodza lakelo. Msewu uwu ndi wofanana kukula kuyambira pano mpaka uko. Koma taonani. Uli bwanji?”

“Ukuchepa,” anayankha Jessica.

“Ukuchepa. Ndiye lembani mzere wopingasa pamene pali maso anu. Pamzerepo ikani kadontho, pamene msewu ukuthera. Madenga, mazenera, ngalande, zonse zizithamangira kukadontho kameneko. Chimene chakana kupita kumeneko, mwalakwitsa ndinu.”

Anawaonetsanso kayezedwe. Munthu amatambasula mkono wonse atagwira pensulo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyendetsa chala chachikulu papensulopo mpaka nyumba yonse ikwane. Jairus anayesa, naloza mwamuna wina amene ankasesa pakhomo kumapeto kwa msewu.

“Bashikulu, ndiye kuti ba Frederick ndi aafupi kuposa chikhadabo changa? Ndi ukali wonse uja?”

“Iwe, jambula. Pakamwa pako sipakwana papepala.”

Anaseka onse. Msewu umenewo ndi wowongoka, ndipo umathera pa nyumba ya a Frederick, amene anali mkulu wa amuna olondera komboni usiku. Chitseko chawo ndi chobiriwira. Mwana aliyense ataika kadontho kake, kanagwera pachitsekopo, chifukwa ndi pamene msewu unathera.

Zipporah sankajambula. Iye ankachapa matewera pakhonde n'kumayang'ana. Ndi iye amene anaona kuti amayi a pampopi ankasiya kuyankhula nkhalamba ikatambasula mkono. Anaona mnyamata wa pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, akutulutsa foni n'kuiloza kwa iwo. Anaona mayi wina akukoka mwana wake kumuchotsa kutsogolo kwa pensulo, ngati kuti ndi mfuti.

“Atate, phunzitsirani m'nyumba,” anatero madzulo ake. “Anthu akuyang'ana moipa.”

“M'nyumba muli msewu?”

“Mukuloza nyumba za anthu mutatsinzina diso. Nyengo ino, atate.”

“Ndinayamba kuloza nyumba ndi pensulo iwe usanabadwe. Palibe inagwa.”

Usiku wa wezulo ija utacha, kunamveka kuti kumsika anagwira munthu atanyamula botolo m'chikwama, ndipo sanadikire kumva kuti munali chiyani. Zipporah sanafunse kuti munthuyo ali kuti tsopano. Atate ake atapita kukagula buledi, anakoka bokosi pansi pa bedi. Munali zitini za penti, ndi mabotolo a mankhwala osungunulira penti, aja onunkha mpaka kumutu. Anawakhuthulira onse m'chimbudzi chokumba, naponyamo ndi zitini zomwe. Manja anawasamba ndi phulusa kufikira atawawa.

A Miti anapeza bokosi lopanda kanthu. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

“Yofiira ija ndinagula amako ali moyo,” anatero. Tiyi sanamwe.

Anthu anabwera dzuwa litapendeka. Zipporah anayamba wamva mapazi, kenaka anaona a Frederick ali kutsogolo, pepala lili m'manja. Linali la Jessica. Mtsikanayo analimata pakhoma kwawo chifukwa linatuluka bwino, ndipo akazi a Frederick analiona atapita kukapempha moto. Kumbuyo kwa gululo mnyamata wina ankagubuduza tayala. Zipporah anabereka mwana, namanga chitenje kawiri.

“Ba Miti, tulukani mukwai,” anaitana a Frederick ndi ulemu wa Chibemba. “Bwerani. Tifotokozereni ichi.”

A Miti anatuluka atavala jekete la kutchalitchi.

“Ndi msewu wathu,” anatero.

“Tikuona kuti ndi msewu wathu. Zenera lililonse lilipo, chitseko chilichonse chilipo. Nanga mizere yonseyi ikuthera pachitseko changa chifukwa chiyani?”

“Ndi pamene diso lathera. Mukanakhala kuti munamanga kumbali, kadontho kakanagwera pa mtengo wa mapeyala.”

“Awe, ayi. Bweretsani mapepala onse.”

Anyamata analowa osaodira. Anatulutsa mapepala a ana onse, nawayala pansi. Pepala lililonse linali ndi kadontho pachitseko chomwecho. Gulu linachita phokoso ngati njuchi.

“Asanu! Onse chitseko chimodzi!”

“Amayeza mazenera tsiku lililonse, ndamuona ine!”

“Nunkhizani m'nyumbamo!”

Anatembenuza matilesi, anakhuthula sutikesi, ananunkhiza botolo la saladi wophikira ndi la mafuta a mwana. Mmodzi anatulutsa bokosi lija, nalowetsamo mphuno. Munthuyo anati likununkha utoto wakale basi, naliponya pansi.

A Miti anayang'ana m'gulumo mpaka anapeza a Matilda.

“Amake Jessica, auzeni anthuwa. Si inu munabwera kudzandipempha?”

A Matilda anakonza duku lawo.

“Ine ndinati muphunzitseni kujambula maluwa. Za nyumba za anthu sindikuzidziwa.”

“Mami, si choncho,” anayamba Jessica, koma dzanja la amayi ake linafika pakamwa mawu asanathe. Makolo a Jairus analipo, ankayang'ana pansi. Anthu amenewa a Miti ankakhala nawo benchi limodzi Lamulungu lililonse, ndipo ena anawalembera mitanda ya pamanda a abale awo osawalipiritsa.

Popeza botolo silinapezeke, tayala linangotsamira pampanda. Koma gulu silibwerera chabe. A Frederick anaitanitsa mbaula ya Zipporah, imene inali ndi moto wa nyemba.

“Otchani nokha. Ndi mapensulo omwe.”

Nkhalamba inagwada pafumbi ndi jekete lake la kutchalitchi. Inaika mapepalawo limodzilimodzi. La Jessica linali lomaliza, ndipo analiyang'ana kaye, monga ankachitira pofuna cholakwika. Kenaka analiika.

“Chikangochitika chilichonse panyumba panga,” anatero a Frederick, “tikudziwa pogogoda. Ndipo sitidzagogoda.”

Anthu anabalalika akukamba za mpira. Nyemba zinali zitadzaza phulusa la mapepala, Zipporah anazitaya.

Chakumadzulo kunamveka kukanda pachitseko cha kuseri. Anali Jessica, maso atatupa, kapensulo kakafupi kali m'manja.

“Bashikulu, ndinabisa aka. Munati mawa tiphunzira za madontho awiri, zojambula nyumba kuchokera pakona. Tingachitire m'nyumba, palibe adzaona.”

A Miti sanadzuke pampando.

“Pita kwanu, mwana wanga. Ukajambule maluwa.”

Mtsikanayo anaima pang'ono, kenaka anachoka. Zipporah anatseka chitseko, natsamiritsapo mpando. Ankafuna kunena kuti atate mwaona, ndinanena, koma atayang'ana mawondo a buluku lawo ali ndi fumbi, mawuwo anabwerera okha.

“Ukanapanda kutaya zitini zija,” anatero a Miti, osamuyang'ana, “bwenzi pano uli wamasiye, mwinanso mwanayo alibe mayi. Ndikudziwa. Koma usayembekeze kuti ndikuthokoze lero.”

“Sindikuyembekeza, atate.”

“Longedza za mwana. Mawa ndipita ku Lubuto kwa azakhali ako, akatipezere chipinda, ngakhale cha kuseri kwa nyumba ya munthu. Ndamva kuti kumeneko akufuna mlonda pamalo osungira magalimoto. Akakufunsa kuti atate ako ankagwira ntchito yanji ku mgodi, uzidzati ankasesa.”